Ndikufuna kusiya ntchito, kodi salale ya bambo yokha ingatisunge?

Nangozo wa pa Dedza:

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga nkhani za anzanga mwakachetechete koma lero yandifika ine, mundithandizeko maganizo, zonyoza ayi chonde mutu wadzadza kale.

Ndimakhala pa Dedza boma, ndili pa banja ana awiri, wamkulu akulowa sitandade 2 mu Seputembala muno, wamng'ono ali ndi miyezi isanu. Ndimagwira pa shopu ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a mmunda, ndine wa pa kauntala. Mamiliyoni amadutsa mmanja mwangamu koma yanga mwezi ukatha ndi K210,000 akadula msonkho ndi penshoni. Bambo akunyumba ndi aphunzitsi, iwo imatsala K300,000 chifukwa tinatenga loni yogulira puloti ndipo ikudulidwabe mpaka chaka chamawa.

Chibwerereni ku livi yobereka mtima wanga sunakhale pansi. Timalowa 7 koloko kuweruka dzuwa litalowa, Loweruka timagwiranso, ndiye muganize ikafika Okutobala Novembala anthu akamalimbirana feteleza, nthawi imeneyo ngakhale madzi sumwa. Mwana ndimamusiya ndi mtsikana, siwoipa mtima ayi koma foni. Tsiku lina ndinangotulukira masana osamuuza, ndinapeza mwana ali pa mkeka pakhonde atangovala kamalaya kamodzi, chipewa palibe masokosi palibe, mphepo ya kuno ya mu Julaye mukuidziwa inu, botolo la mkaka lagubuduzika lili pa dothi mwini wake ali pa mpanda kucheza ndi mnzake. Chifuwa chimene anayamba sabata imeneyo mpaka lero chikungopita nkubwera.

Ndiye ndinatenga kope nkuyamba kuwerengera. Mtsikana K45,000 osaikapo nsima yake ndi sopo. Kabaza mmawa, madzulo ndi kuthamangira kunyumba masana kukayamwitsa imafika K50,000. Mkaka wa mchitini poti wanga wayamba kuchepa, umenewo ndiye osanena. Kuphatikiza tchipisi cha pa chiwaya masiku amene ndalephera kupita kunyumba, tsitsi, zosonkha za ku ntchito uyu waferedwa uyu akukwatiwa, ndikupeza kuti imene imanditsalira siposa K70,000. Ndiye mwana ndikumuzunzira K70,000?

Bambo ndinawauza, yankho lawo "siya, tiziona konko". Koma bambo athuwa mtengo wa sopo saudziwa. Lendi K65,000, magetsi ndi madzi K30,000, fizi ya wamkuluyu ku pulayiveti K75,000 pa teremu, kenako makala, ndiwo, mafuta ophikira, shuga, chigayo. Munda tili nawo ekala imodzi kwa apongozi ku Linthipe koma feteleza wake timagula tokha.

Funso langa makamaka kwa inu amene munasiyapo ntchito nkumadalira salale imodzi, zinatheka bwanji? Munadula chani? Ndikuganizanso zoti ndikatenga penshoni yanga ndiyambe kageni ka pakhomo, kaya mandasi kaya kaunjika wa ana.

Anaphiri a ku Nsipe:

Mwana wanga osasiya. Ndayamba ndi mawu amenewo kuti ngakhale zinazi usawerenge, amenewo okha uwamve.

Ine ndinali kalaliki, ndinasiya ana ali ang'onoang'ono ndi maganizo omwewa, masamu anganso anali okhoza bwinobwino. Chimene kope silikuuza ndi tsiku limene udzafune K2,000 ya mafuta odzola nkuyamba kaye wayang'ana nkhope ya bambo kuti lero adzuka bwanji. Amuna anga sanali oipa, mowa samamwa, dzanja sanandikwezerepo, koma funso loti "ija ndinakupatsa dzana yatha kale?" ukamalimva mwezi ndi mwezi umayamba kudziona ngati mmodzi wa ana a mnyumbamo. Maliro kwathu thiransipoti kupempha, chipepeso kupempha, nsalu ya ku Mvano kupempha.

Ndipo ntchito kuno ukaisiya siikudikira. Ana atakula ndinayesa kubwerera, kulikonse akufuna wodziwa kompyuta, anzanga amene ndinawasiya anali atakwera, ena pano akudya penshoni ine ndili pa benchi ya tomato. Mwanayo miyezi isanu lero, mwezi wamawa ayamba phala, chaka chikamatha akuyenda. Vuto lako ndi la chaka chimodzi ichi basi. Sintha mtsikanayo, katenge munthu wamkulu kumudzi woti analerapo ana ake, osati tiatsikana ta pa TikTok iti.

Funso limodzi undiyankhe moona. Kwanu umatumiza zingati pa mwezi? Chifukwa pa mndandanda wakowo sindinaionepo.

Wa mafayilo:

Achemwali, zoti musiye kapena ayi ine sindilowererapo, ndingokuuzani za malamulo poti ntchito yanga ndi yosunga mafayilo a ogwira ntchito ndipo ndaona ambiri akuchoka akuyembekezera chimtolo cha ndalama nkutuluka pa geti ndi misozi.

Mukasiya nokha severance palibe. Ija imaperekedwa kampani ikamachepetsa anthu kapena ikakuchotsani mopanda chilungamo, osati kalata mwalemba nokha. Chimene mungalandire ndi salale ya masiku amene mwagwira ndi ndalama ya masiku a livi amene simunapume. Inu poti mumagwira mpaka Loweruka lamulo limati masiku 18 pa chaka, ogwira masiku asanu pa sabata ndi 15. Funsani kaye kuti mwatsala ndi angati musanalembe kalikonse. Notisi kwa munthu wolandira pa mwezi ndi mwezi umodzi, mukangosowa osaipereka abwana akhoza kukulipiritsani mwezi umenewo, ndiye tindalama ta livi tija tathera pomwepo.

Za penshoni. Inu mumadulidwa 5%, abwana amaikapo 10%. Lamulo latsopano la 2023 linachepetsa nthawi yodikira, kale inali miyezi 6 pano ndi miyezi 3 muli pakhomo osapeza ntchito ina, koma sakupatsani yonse ayi, gawo lina limatsala kudikira zaka zopumira. Pa salale yanuyo 5% ndi cha mma K12,000 pa mwezi, chulukitsani ndi zaka zimene mwagwira muone nokha ngati ungakhale mpamba wa geni. Ndipo chonde imbani ku kampani imene imasunga penshoniyo mupemphe sitetimenti. Alipo mabwana amadula pa pepala ndalama osatumiza, a Reserve Bank akhala akuidandaula poyera nkhani imeneyi. Ndi bwino mudziwe mukadali mkati chifukwa munthu wochoka foni yake amachedwa kuiyankha.

Komanso bwanji mwathamangira ku kalata yosiya ngati njira ndi ziwiri zokha? Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021, mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wopatsidwa nthawi yokayamwitsa, si chifundo cha abwana. Ndipo pa shopu ya feteleza Julaye, Ogasiti mpaka Seputembala malonda ndi ozizira, ino ndiye nthawi yopempha livi yosalipidwa miyezi iwiri, kapena kuti muziweruka masana salale nkutsikako pang'ono. Bwana wanzeru sangafune kuyamba kuphunzitsa munthu watsopano pa kauntala Okutobala ali pakhomo, ndipo munthu woti ndalama siimusowa mmanja sapezeka wamba. Pempho lanulo mulembe pa pepala musunge kope lanu, zapakamwa amakana mawa.

Make mapasa, Ntcheu boma:

Asisi ine ndinasiya ndipo sindinafe kkkk. Koma ndisakunamizeni kuti zinali zofewa. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayiveti, ndinabereka mapasa, bambo ndi dalaivala wa bungwe lina. Ndinasiya chapakati pa 2023, Novembala wake kwacha nkugwa ndi 44% ija, zinthu mu golosale kukwera usiku umodzi salale ili pompaja. Bajeti imene tinalemba mu Ogasiti pofika Khirisimasi inali nthabwala chabe. Ndiye masamu anuwo ngati pa pepala akungokwana ndendende dziwani kuti sakwana.

Musanasiye yeserani kaye. Miyezi itatu mudye salale ya bambo yokha, pa yanuyo muzichotsa ya mtsikana, kabaza ndi mkaka basi, yotsalayo muitsekere koti simungaitape ndi foni usiku, kaya ku SACCO kaya ku akaunti yopanda khadi. Zikakanika mwadziwa ntchito ikadalipo, zikatheka mwasiya muli ndi kangachepe pambali.

Ife chinatipulumutsa ndi chimanga. Mnyumba mukakhala ufa mavuto enawa amakambika. Meyi Juni anthu akangokolola timagula cha chaka chonse kumidzi, kuchiyanika chiume gwa, kupeta, nkuthira mmatumba a PICS aja osafuna mankhwala, anankafumbwe amafera momwemo bola mumange bwino pakamwa ndipo thumba lisakhudze pansi. Wodikira Januwale ndi Febuluwale amagula kwa mavenda akulira. Inu ndiye muli ndi mwayi munda ulipo ku Linthipe, feteleza mumagulitsa nokha, gulani wa chaka chino mukadali pa ntchito asanakwere, mwina abwana angalole kumakudulani pang'onopang'ono. Musiyeko kandime ka soya ndi mtedza, kukazinga soyayo nkukagayitsa pamodzi ndi chimanga, nsinjiro pang'ono, phala la mwana lakwana chaka chonse, zija za mmabokosi za mu shopu kuiwala. Ndipo mukakhala pakhomo mwana akamayamwa pafupipafupi mkaka wanu umabwerera, za chitini zimatha zokha, akafunseni a ku sikelo akuuzani zomwezi.

Ndiwo ndi pamene ndalama imathera osaiona, K3,000 lero K4,000 mawa, mukadzawerenga mwezi wonse mpaka kugwira pakamwa. Ine ndimakwera minibasi ndi mnzanga kupita pa Lizulu, kabichi, anyezi, mbatatesi, tomato timagula wa pa beseni osati wa pa mulu nkugawana. Inu muli pa Dedza Bembeke ili pamphuno, Chimbiya nayo si patali. Dzinja masamba akachuluka ndimafutsa nkhwani ndi khwanya, mu Okutobala ndiwo zikavuta mfutso wotendera ndi umenewo, bambo poyamba ankakwinya nkhope pano amachita kufunsa okha. Kuseri kwa nyumba ya lendi yomweyi ndinadzala mpiru ndi tchayinizi mmatumba a simenti, madzi otsukira mpunga ndi ndiwo ndi amene ndimathirira. Nyama kawiri pa mwezi, masiku enawa usipa, bonya, mazira, soya pisi, nyemba. Nyemba zimenezo sindiphikira makala, ndili ndi mbaula ya chitetezo ija ya dothi, tinkhuni tiwiri ndi zitsononkho zapsa.

Pa fizi ndiye mundikhululukire. Bambo ndi aphunzitsi, inu mudzakhala pakhomo tsiku lonse, K75,000 pa teremu ya mwana wa sitandade 2 ndi ya chani? Pulayimale ya boma fizi inatha mu 1994, vuto lake ana amachuluka mkalasi inde, koma mwana woti madzulo akhala pansi ndi bambo mphunzitsi ndi mayi odziwa kuwerenga sangatsalire. Ndikudziwa chimawawa ndi maneba kuti aziti atsika, koma maneba salipira lendi.

Salale ikalowa tsiku lomwelo timakhala pansi awiri, lendi magetsi madzi zimapita pompo pa foni, ya ndiwo ndimaigawa mmaenvelopu anayi sabata iliyonse yake, ya sabata yomaliza ndimaibisa mu Baibulo chifukwa mmenemo bambo safika kkkk. Ndipo pali mzere wanga, K20,000, imeneyo safunsa kuti yapita kuti. Zimene akunena Anaphiri za kupempha ndi zoona zedi, mankhwala ake ndi amenewa, koma mugwirizane musanasiye osati mutasiya.

Chimandipwetekabe mpaka pano ndi maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower. Ndinatuluka mmagulu a WhatsApp a zosonkha aja, ena mpaka lero moni wake ndi wa mmphuno. Maliro okha ndiye sungathawe, muziikiratu kenakake pambali mwezi uliwonse.

Wa mbatatesi, Tsangano:

Mlongo ine ndigwire pa geni pokhapo. Ndimapikula mbatatesi kuno kupititsa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kukoma ndi kuwawa kwa geni ndimakudziwa. Aliyense wosiya ntchito amati ndiyamba mandasi kapena kaunjika. Tayendani mu lokeshoni mwanumo mmawa muwerenge mabeseni a mandasi. Fulawa, mafuta, shuga zonse zakwera, phindu lake ndi ndiwo za tsiku lomwelo ndipo otsala amadya ana anu omwe. Kaunjika belo lake penshoni yanuyo mwina siifika, komanso belo ndi mwayi, ukhoza kutsegula nkupeza zooneka zochepa zina zonse zokolopera.

Koma geni ya mayi wa pakhomo siifa ndi msika, imafa ndi nyumba yomweyo. Mwana wadwala mwatapa pa mpamba, mayunitsi atha usiku mwatapa pa mpamba, bambo akaona kuti mukugwira tindalama amayamba kuiwala kusiya ya ndiwo, posakhalitsa beseni lili mbee ndiye mwapita ku banki mkhonde kuti mudzutse geni, chiwongola dzanja mwezi ndi mwezi, kubweza kwakanika mwalowa kwa a katapila kuti mutseke ya ku banki mkhonde ija, mapeto ake tikumva kuti akunyamulirani matilesi. Sindikupeka, ndinaziona pa mlamu wanga weniweni.

Ngati geni mukuifunadi pangani imene mukuidziwa kale. Mwakhala pa kauntala ya zaulimi, alimi a ku madimba mumawadziwa ndi mbewu imene amafuna, mumadziwa mwezi umene nyemba ndi soya zimatsika ndi umene zimakwera. Kugula nyemba pokolola nkusunga sikufuna kudzuka 3 koloko kukoleza moto, mwana ali kumsana zimatheka. Koma bajeti ya nyumba muilembe ngati geniyo kulibe.

Mfana wa pa Kampepuza:

Ine ndingofunsa, bambowo holide ino ali kuti? Sukulu si atsekera mpaka Seputembala? Sangakhale ndi mwana masana mayi ali ku ntchito? Kapena thewera limaluma amuna kkkk

Nangozo wa pa Dedza:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Anaphiri mwandiponda pa chilonda. Mayi anga ali ku Bembeke, bambo anatisiya kalekale, ndipo akulera ana awiri a malemu achemwali anga. Ndimawatumizira K30,000 pa Airtel Money mwezi uliwonse, nthawi yolima thumba limodzi la feteleza, mankhwala awo a BP akasowa kuchipatala ndimagula ine ku famase. Bambo akunyumba amadziwa kuti ndimathandiza kwathu koma kuchuluka kwake sadziwa, sanafunsepo inenso sindinanenepo poti inali yanga. Pa K70,000 ndinanena ija ndiye kuti theka lonse limapita kumeneko. Ndiye mukaonetsetsa nyumba yathu ikuyenda kale ndi salale ya bambo, ndikasiya amene zimuvute kwambiri si ife, ndi mayi anga ndi ana aja. Tulo sindinaone usiku wathawu.

Nawonso kwawo ku Linthipe amatumiza, zingati kaya, timangoona apongozi afolera malata khitchini.

Achimwene a mafayilo sitetimenti imeneyo chilowereni sindinaionepo ndi maso, mawa ndiimba. Za livi yosalipidwa sindinaganizeko nkomwe, ndimangoona ngati abwana andiyankha kuti pakhomo ndi apo, koma mwanena zoona wina amene anamuika pa kauntala ndili ku livi masamu sankagwirizana tsiku ndi tsiku mpaka ankandiimbira ndili ndi mwana wa masabata awiri.

Make mapasa za sukulu ya boma amakana ndi bambo omwewo, ati iwo ndi amene amadziwa mmene mkalasi mumakhalira. Ndiyesanso kuwauza. Ndipo iwe wa pa Kampepuza wandiseketsa, holide ino amakhalira ku puloti kuumbitsa njerwa, koma thewera kusintha amatha akafuna.

Anaphiri a ku Nsipe:

Ndinadziwa ine. Mwana wamkazi wa kuno sangadye salale yekha mayi ake ali moyo. Mkamwini kuthandiza apongozi amathandiza, mwezi woyamba ndi wachiwiri mokondwa, wachitatu udzamva kuti "kodi alongo ako bwanji osathandizako". Ndipo iweyo udzayamba kuba pa ya ndiwo kuti utumize, akadzazindikira nkhani yake idzakhala ya kwa ankhoswe.

China, pulotiyo mapepala ake ali mdzina la ndani? Loni ikudulidwa kwa bambo inde, koma zaka zonsezi ndalama yako ndi imene imatseka mipata kuti loniyo itheke. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, kulanda katundu ndi mlandu, koma dzina lako likhalepo pa pepala kusiyana ndi kudzalimbana ndi alamu ku khoti uli mu zakuda. Sindikulodza munthu, ndikungonena zimene ndaona pa Ntcheu pano. Zimenezi uzikonze ukadali ndi salale, mawu a munthu wolandira amamveka msanga.

Bambo wa salale imodzi, Lobi:

Amayi mwalankhula, tiyankheko ife amene tikusenza. Kwathu mayi anasiya ntchito mayi anga atadwala sitiroko, panalibe wina wowasamala, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Nanenso ndinanena mawu omwewo, siya tiziona. Mlamu, mwamuna akamati tiziona sikuti ali ndi pulani, ndi manyazi chabe, sangauze mkazi wake kuti sindingakwanitse. Pa 15 ndalama yatha, iwe wadzuka wavala taye, mayi akuti mafuta atha, umangoti chabwino ndibwera nawo koma mthumba mulibe kanthu, ndiye umakakongola kwa mnzako ku ntchito osanena kunyumba. Salale ikachedwa ndi sabata imodzi yokha nyumba yonse yaima chifukwa palibenso pena poyang'ana. Ngongole zobisa zimayamba choncho, osati chifukwa cha mowa kapena zibwenzi ngati mmene ambiri amaganizira.

Ndiye kope lanulo musaliwerenge nokha usiku. Awuzeni akhale pansi, cholembera agwire iwowo, inu muzingotchula mitengo, afike okha pa mzere womaliza aone chotsala. Ndipo K30,000 ya ku Bembeke muitchule, iwonso atchule ya ku Linthipe. Akwiya pang'ono mwina, koma kukwiya kwa lero nkochepa poyerekeza ndi kudzazimva kwa wa Airtel Money.

Mfundo ina imene sindinaione muno, loni ikutha chaka chamawa mwatero. Ikangotha salale ya bambo ikwera yokha ndi ndalama imene ikudulidwayo. Bwanji osapirira mpaka pamenepo, kapena kutenga livi ija akunena achimwenewa, nkudzasiya loni itatha? Ndipo njerwazo ziyambe zadikira, simungasiye ntchito, kulipira lendi, kubweza loni ndi kumanga nthawi imodzi pa K300,000. Ife tinayesa, maziko anakhala zaka udzu nkumera.

Make mapasa, Ntcheu boma:

Apo ndiye nkhani yasintha asisi. Ine mayi anga ali ndi ana ena ogwira ntchito nchifukwa chake zinandiphwekera. Mu bajetimo mulembe mizere iwiri, kwa amayi ku Bembeke, kwa amayi ku Linthipe, ndalama yofanana kapena mmene mungagwirizanire, izituluka tsiku la salale pamodzi ndi lendi osati yotsala. Akakana mzere umenewo musalembe kalata. Komanso taganizani, mayi anuwo sangabwere kudzakhala nanu miyezi ingapo ino poti kumunda ntchito yachepa? Kapena mmodzi wa adzukulu aja ngati ndi wamkulu adzaphunzire pa boma pompo, K45,000 ya mtsikana ija izipita kwa gogo ake a mwana.

Chisomo95:

Pepani ndalowerera, shopu yake ndi iti? Ndili ndi MSCE ndi satifiketi ya akaunti, ndili pa Dedza pompano, mukasiya mundiuzeko ku inbox chonde

Nangozo wa pa Dedza:

Kkkk Chisomo dikira kaye kalata sindinalembe. Make mapasa mayi kubwera zingavute pang'ono ali ndi nkhumba ndi dimba la mbatatesi, koma Lamulungu tikupita konko ndi bambo ndikawafunse. Matumba a PICS aja pa Ntcheu mukugula zingati limodzi? Kuno kwathu pa shopu anatha.